Frederick Terman, mphunzitsi amene adakana kuti ana a kwawo azikalemeretsa kwa eni

Kumadzulo kwa dziko la Amereka, m'chigawo cha California, kuli chigwa chotchedwa Santa Clara. Zaka 100 zapitazo chigwachi chidali cha alimi. Kulikonse kumene munthu ankaponya maso kudali minda ya mapulamu, maapurikoti ndi matcheri, zipatso za banja limodzi ndi mapichesi amene timawadziwa kuno. Nyengo yokolola ikakwana, anthu ankapeza ganyu yothyola zipatso, kuziyanika padzuwa ndi kuzilongedza m'zitini. Mwana wophunzira zamagetsi ankasowa chochita m'chigwamo. Ankamanga katundu wake nakwera sitima yapamtunda kupita kum'mawa kwa dzikolo, ulendo wa makilomita oposa 4,000, kumene kudali mafakitale aakulu.

Lero chigwa chomwecho chimadziwika pa dziko lonse ndi dzina loti Silicon Valley. Kumeneko ndiko kuli malikulu a makampani monga Apple, Google ndi Intel, ndipo nzeru zambiri zimene zili m'foni ndi m'kompyuta zidachokera komweko. Tsopano achinyamata a maiko ena ndiwo amalimbirana kupitako.

Okondedwa owerenga, lero tikufotokozerani mbiri ya munthu amene ambiri amamutcha tate wa chigwachi. Dzina lake ndi Frederick Terman. Ntchito yake idali ya uphunzitsi pa yunivesite ya Stanford, ndipo fakitale yakeyake sadakhale nayo. Chimene chidamuwawa mtima ndi chimene makolo ambiri a m'malire muno akuchidziwa bwino: kulera mwana, kumuphunzitsa, kenaka n'kumuona akupita kukalemeretsa dera la eni. Mankhwala a vutoli iye adakawapeza pamalo odabwitsa, m'thumba la asilikali.

Mwana wa mphunzitsi

Frederick Emmons Terman adabadwa pa 7 Juni 1900 m'tauni yaing'ono yotchedwa English, m'chigawo cha Indiana. Bambo ake, a Lewis Terman, adali katswiri wa maphunziro a kaganizidwe ka munthu, ndipo adatchuka ndi mayeso oyezera nzeru za ana amene adawatulutsa m'chaka cha 1916. Bambowa ankadwala chifuwa chachikulu, choncho banja lidasamukira ku California kumene kuli dzuwa ndi mphepo youma. M'chaka cha 1910 adapeza ntchito pa yunivesite ya Stanford, pafupi ndi tauni ya Palo Alto, chakumpoto kwa chigwa cha zipatso chija. Frederick adakulira pomwepo.

Makolo ake sadafulumire kumutumiza ku sukulu. Adayamba ali ndi zaka 9, koma adathamanga makalasi mwakuti pofika zaka 20 adali atatenga digiri yake yoyamba. Chimene chidamutenga mtima ali mnyamata ndi wailesi. Masiku amenewo wailesi youlutsa nyimbo ndi nkhani idali isadafalikire. Anyamata ankadzipangira okha timakina ta mawaya ndi mabatire, n'kumatumizirana mauthenga a tizizindikiro usiku. Ku Palo Alto komweko kudali kampani yotchedwa Federal Telegraph, imene inkapangira asilikali apamadzi a Amereka makina amphamvu olankhulira ndi sitima zapanyanja. Frederick adagwirako ganyu pa tchuthi. Mfundo imeneyi tisaiiwale: mbewu ya wailesi idali itagwa kale m'nthaka ya chigwacho, ndipo wogula wamkulu woyamba lidali boma.

Atamaliza maphunziro a zamagetsi pa Stanford m'chaka cha 1922, Frederick adatsata njira ya anzake. Pajatu mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Adapita kum'mawa, ku sukulu yotchuka ya MIT pafupi ndi mzinda wa Boston, kumene adaphunzitsidwa ndi a Vannevar Bush natenga digiri yapamwamba kwambiri m'chaka cha 1924. Dzina la a Bush mulisunge, tikumana nalonso.

Nthenda imubweza kwawo

Sukulu ya MIT idamulonjeza ntchito. Koma atabwera kudzaona makolo, nthenda ya bambo ake ija idamugwira iyenso. Nthawi imeneyo kudalibe mankhwala a chifuwa chachikulu. Madokotala adamugoneka chagada, namuika timatumba ta mchenga pachifuwa kuti chisamagwedezeke. Adagona choncho pafupifupi chaka chathunthu. Chisanu cha ku Boston sakadachipirira, motero adatsala ku California. M'chaka cha 1925 adayamba kuphunzitsa pa Stanford maola ochepa patsiku, maola enawo ali pabedi kuwerenga ndi kulemba. Kuyambira pamenepa tiziwatchula mwaulemu kuti a Terman, chifukwa adali atasanduka aphunzitsi.

M'chaka cha 1928 a Terman adakwatira mayi Sibyl Walcutt, ndipo adabereka ana aamuna atatu. M'chaka cha 1932 adatulutsa buku lotchedwa Radio Engineering, limene lidagwiritsidwa ntchito m'masukulu a uinjiniya m'maiko ambiri. Dzina lidamveka, koma ndalama padalibe. Chuma cha Amereka chidagwa m'chaka cha 1929, ndipo chipinda chimene a Terman ankaphunzitsiramo za wailesi chidali pansi penipeni pa denga lodontha.

Chaka ndi chaka ankaona ophunzira awo anzeru akulandira madigiri n'kukwera sitima kupita ku makampani a kum'mawa monga General Electric ndi Bell. Iwo adayamba kulimbana nazo mwa njira yooneka yaing'ono. Ankawatenga ophunzirawo kukayendera timafakitale tochepa ta wailesi timene tidalipo m'deralo, monga ka Charles Litton ndi ka Eitel-McCullough, kuti aone ndi maso awo kuti munthu angathe kuyamba bizinesi ya luso kwawo komwe, ndi manja ake.

Anyamata awiri ndi galaja

Pakati pa ophunzirawo padali William Hewlett ndi David Packard, amene adamaliza m'chaka cha 1934. Packard adapita kukagwira ntchito ku General Electric, m'chigawo cha New York. A Terman sadamutaye. M'chaka cha 1938 adamupezera kandalama kamaphunziro kuti abwerere ku Palo Alto. Apo n'kuti Hewlett atapanga kachipangizo kotulutsa kaphokoso koyezera makina a mawu, kotsika mtengo kuposa tonse timene tidali pamsika. Aphunzitsi awo adawalimbikitsa kuti akagulitse.

Anyamata awiriwa adayamba ntchito m'galaja ya nyumba ya lendi pa msewu wa Addison, ali ndi mpamba wa madola 538. M'chaka cha 1939 adakhazikitsa kampani ya Hewlett-Packard. Mmodzi mwa ogula oyamba idali kampani ya mafilimu ya Walt Disney, imene idatenga zipangizo 8. Dzina la HP limene mumaliona pa makompyuta ndi makina osindikizira m'maofesi lidachokera m'galaja imeneyo.

Nthawi yomweyo pa Stanford padachitika chinthu china chimene a Terman adachiyang'anitsitsa. Abale awiri, Russell ndi Sigurd Varian, adapempha malo oti apangire chida chothandiza kuona ndege usiku kapena m'mitambo. Yunivesite idawapatsa chipinda ndi madola 100 ogulira zipangizo, pa mgwirizano woti phindu adzagawana pakati. Mothandizidwa ndi mphunzitsi William Hansen, m'chaka cha 1937 adapanga valavu yotchedwa klystron, yotulutsa mafunde aafupi kwambiri a wailesi. Madola 100 aja adabweretsera yunivesite ndalama za m'ma madola 2 miliyoni m'zaka zotsatira. Koma taonani zimene zidachitika. Kampani ya Sperry, imene idagula chilolezo chopanga chidacho, idasamutsira abale a Varian ndi anzawo kum'mawa m'chaka cha 1940. Nzeru idabadwira ku Palo Alto, ntchito n'kukathera kwina.

Nkhondo ya mafunde osaoneka

Mu Disembala 1941 Amereka idalowa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. A Vannevar Bush aja ndiwo adali mkulu wa kafukufuku yense wa nkhondo m'boma. Iwo adabweretsa njira yatsopano. M'malo mowaveka akatswiri yunifolomu, boma lidayamba kupereka makontirakiti ku mayunivesite kuti afufuze zida ali m'masukulu mwawo. M'chaka cha 1942 a Terman adaitanidwa kukatsogolera nyumba yachinsinsi yofufuzira pa yunivesite ya Harvard, yotchedwa Radio Research Laboratory. Pamene ntchito idafika pachimake, adali ndi antchito oposa 800.

Ntchito yawo idali yochititsa khungu rada ya adani. Kodi rada n'chiyani? Mukafuula pafupi ndi phiri, mawu anu amabwerera. Rada imachita chimodzimodzi ndi mafunde a wailesi. Imawaponya kumwamba, ndipo akagunda ndege amabwerera n'kuulula pamene ndegeyo ili. Dziko la Germany lidali ndi marada ambirimbiri otsogolera mizinga yake, ndipo ndege za Amereka ndi Britain zinkagwa zambiri.

Gulu la a Terman lidagwiritsa njira ziwiri. Yoyamba idali timawailesi tonyamula m'ndege, totulutsa phokoso pa mafunde omwewo a rada, monga munthu woimba ng'oma pafupi ndi anthu amene akunong'onezana. Yachiwiri idali timizere ta aluminiyamu todulidwa pa muyeso wogwirizana ndi mafunde a radayo. Ndege ikatimwaza mumlengalenga, woyang'ana rada ankangoona chipwirikiti, osadziwa kuti ndege yeniyeni ndi iti. Njirayi adayamba kuigwiritsa ntchito ndi Angerezi pa mzinda wa Hamburg mu Julayi 1943, ndipo akatswiri a ku Harvard adapeza kadulidwe kabwino koti timizereto tizipangidwa tambiri mofulumira. Oyendetsa ndege ambiri adapulumuka chifukwa cha nzeruzi. Tinenenso mbali inayo: ndege zopulumukazo zidanyamula mabomba, ndipo pa Hamburg pokha, m'masiku owerengeka, padafa anthu pafupifupi 40,000.

Ali ku Harvard, a Terman ankawerengeranso ndalama. Sukulu ya MIT yokha idalandira makontirakiti a nkhondo oposa madola 100 miliyoni, pamene Stanford idangolawa nyenyeswa. Adaona kuti boma silidzasiya kulipira kafukufuku nkhondo ikatha, ndipo sukulu imene idzakhale yokonzeka ndiyo idzadye.

Mafuwa atatu

M'chaka cha 1946 adabwerera ku Stanford monga mkulu wa sukulu ya uinjiniya, atatenga akatswiri angapo a ku Harvard. Chaka chomwecho asilikali apamadzi adatsegula ofesi yolipira kafukufuku m'mayunivesite, ndipo a Terman adali mwa oyamba kugogoda pakhomo pake. Adasankha nthambi imodzi imene ankaidziwa kuposa ena, ya mavalavu a mafunde aafupi ogwira ntchito m'rada ndi m'makina omvetsera mobisa mawailesi a adani. Nkhondo ya ku Korea itabuka m'chaka cha 1950, ndalama zidachuluka, ndipo pa Stanford padatsegulidwa nyumba yofufuzira zachinsinsi yotchedwa Applied Electronics Laboratory.

Njira ya a Terman tingaifanizire ndi mafuwa atatu amene mphika umakhalapo. Fuwa loyamba ndi boma, limene linkalipira kafukufuku ndipo linkalonjeza kugula chimene chapezeka. Fuwa lachiwiri ndi yunivesite, kumene aphunzitsi ndi ophunzira ankapanga chida choyamba chongoonetsera kuti nzeruyo ikugwira, ophunzirawo akulandira malipiro ndi madigiri pa ntchito yomweyo. Fuwa lachitatu ndi makampani a pafupi, amene ankatenga chidacho n'kuchipanga chambiri. A Terman sadafune kuti yunivesite isanduke fakitale. Asilikali akafuna zida mazanamazana, iwo ankawalozera kwa wophunzira wawo wakale amene watsegula kampani kutsidya kwa msewu.

Masukulu ena ankaona ngati chamanyazi kuti mphunzitsi azichita za malonda. A Terman ankawalola aphunzitsi kukalangiza m'makampani, ndipo wofuna kuyamba bizinesi ankamuthandiza kupeza ogula. Iwo eni adakhala m'mabungwe oyendetsa makampani angapo, komanso m'makomiti olangiza asilikali, motero ankadziwa msanga chimene boma lidzafune mawa. Abale a Varian adabwerera kwawo natsegula kampani yawo m'chaka cha 1948. Mphunzitsi Dean Watkins adayambitsa Watkins-Johnson m'chaka cha 1957. Makampani aakulu a kum'mawa nawo adayamba kubwera okha. Sylvania idatsegula nyumba yofufuzira zida za asilikali ku Mountain View m'chaka cha 1953. Lockheed idafika ku Sunnyvale m'chaka cha 1956, ndipo kumeneko idapanga mizinga ya Polaris yoponyedwa kuchokera m'sitima zapansi pa madzi, ndi masatelayiti a Corona ojambula dziko la Soviet Union mobisa. M'zaka za m'ma 1960 Lockheed idali ndi antchito oposa 20,000 m'chigwamo. Sitima ija yopita kum'mawa idayamba kubwera yodzaza.

Munda wosagulitsa

Stanford idali ndi chuma china chimene chinkangogona. Amene adaiyambitsa, a Leland Stanford, adali mpondamatiki wa njanji. Iwo ndi akazi awo adamanga sukuluyi pokumbukira mwana wawo mmodzi yekhayo amene adamwalira ali ndi zaka 15, ndipo idatsegulidwa m'chaka cha 1891. Adaisiyira famu yawo ya mahatchi, mahekitala oposa 3,000, ndi lamulo loti malowo asadzagulitsidwe. Choncho yunivesite idali ndi malo ambiri koma m'thumba muli mbee.

Akuluakulu a sukuluyi adaona kuti lamulo lidaletsa kugulitsa, koma silidaletse kubwereketsa. M'chaka cha 1951 adapatula chigawo china kuti makampani azichita lendi ya zaka zambiri, ena mpaka zaka 99. A Terman adaumirira kuti malowo apatsidwe makamaka kwa makampani a luso, amene angapindule ndi yunivesite ndiponso kuipindulira. Oyamba kulowa adali a Varian, amene adasamukiramo m'chaka cha 1953. Pambuyo pake padabwera Eastman Kodak, General Electric, Lockheed ndi Hewlett-Packard. Malowa, amene tsopano amatchedwa Stanford Research Park, ndi aakulu mahekitala pafupifupi 280.

M'chaka cha 1954 adayambitsanso dongosolo loti mainjiniya a m'makampani aziphunzira pa Stanford maola ena akugwirabe ntchito, kampani ikulipira fizi yowirikiza kawiri. Kampani inkakopa antchito abwino ndi lonjezo la sukulu, yunivesite inkapeza ndalama zolembera aphunzitsi ena.

Kuyambira 1955 mpaka 1965 a Terman adali woyang'anira maphunziro onse pa yunivesite. Mfundo yawo idali ngati ya mlimi amene ali ndi thumba limodzi la feteleza. M'malo momwaza pang'onopang'ono munda wonse, amathira wokwanira pa mizere yochepa. Iwo ankasankha nthambi zochepa n'kulembamo akatswiri oposa onse. Adali munthu wa manambala, wosakonda macheza, wogwira ntchito ngakhale masiku opuma. Aphunzitsi a maphunziro osabweretsa makontirakiti adadandaula kuti akuponderezedwa, ndipo ena ankati sukulu yayamba kuvina nyimbo ya amene akulipira.

Kuchoka ku zida kupita ku msika

Tsono dzina la Silicon lidabwera bwanji? M'chaka cha 1947 akatswiri atatu a kampani ya Bell adapanga tiranzisita, kachida kakang'ono kogwira ntchito ya valavu koma kosatentha kwambiri ndi kosadya batire kwambiri. Ndiko kadachititsa kuti wailesi ichepe mpaka kunyamulika m'manja. Mmodzi mwa atatuwo, William Shockley, adakulira ku Palo Alto. A Terman adamulimbikitsa kubwerera, ndipo m'chaka cha 1956 adatsegula kampani ku Mountain View yofuna kupanga matiranzisita ndi silikoni, chinthu chochokera mu mchenga. Shockley adali wanzeru koma wovuta kugwira naye ntchito. M'chaka cha 1957 anyamata ake 8 adamuthawa nayambitsa Fairchild Semiconductor.

Nawonso ogula awo oyamba adali a zankhondo. Matiranzisita 100 oyamba adagulidwa ndi IBM pa madola 150 iliyonse, kuti akalowe m'kompyuta ya ndege yoponya mabomba. Kenaka padabwera tchipi, kachidutswa ka silikoni kokhala ndi matiranzisita angapo pamodzi. M'chaka cha 1962 pafupifupi matchipi onse a ku Amereka ankagulidwa ndi boma, pa mtengo wa madola 50 imodzi, kuti akagwire ntchito m'mizinga ndi m'zombo zopita kumwezi. Munthu wamba sakadakwanitsa mtengo wotere. Koma chifukwa boma linkagula zambiri chaka ndi chaka, mafakitale adaphunzira kupanga bwino ndi motchipa. Pofika 1968 mtengo udatsika kufika pansi pa madola atatu, ndipo ogula ambiri adali makampani a zinthu za anthu wamba.

Apa ndiye pagona nkhani yonse. Boma lidalipira nyengo yovuta, pamene chinthu chikadali chodula ndi chosadalirika. Chitakhwima, amalonda adachitengera ku msika. Kusinthaku sikudali kofewa. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 unduna wa zachitetezo udachepetsa kugula zida zina, ndipo makampani odalira asilikali okha adachotsa antchito ambiri. Amene adapulumuka bwino ndi amene adapeza ogula ena, m'zipatala, m'maofesi ndi m'nyumba za anthu. M'chaka cha 1968 awiri mwa anyamata 8 aja, Robert Noyce ndi Gordon Moore, adayambitsa Intel. M'chaka cha 1971 mtolankhani Don Hoefler adafalitsa dzina la Silicon Valley m'nyuzipepala.

Yunivesite nayo idaphunzira kugulitsa nzeru mwadongosolo. M'chaka cha 1970 Stanford idatsegula ofesi yopereka zilolezo kwa makampani ofuna kugwiritsa ntchito zimene aphunzitsi apeza. M'chaka cha 1980 nyumba ya malamulo ya Amereka idakhazikitsa lamulo lotchedwa Bayh-Dole, lolola mayunivesite kukhala eni ake a nzeru zopezeka ndi ndalama za boma. Google, imene idayamba m'chaka cha 1998, idachokera m'kafukufuku wa ophunzira awiri a pa Stanford wolipiridwa ndi boma. Yunivesite idalandira masheya posinthana ndi chilolezo, ndipo m'chaka cha 2005 idawagulitsa pa madola 336 miliyoni.

Walira mvula walira matope

A Terman adapuma pa ntchito m'chaka cha 1965, nkhondo ya ku Vietnam ikukula. Achinyamata a nthawi imeneyo adayamba kufunsa chifukwa chimene sukulu yawo ikupangira nzeru zothandiza kuponya mabomba pa alimi a dziko lakutali. Mu Epulo 1969 ophunzira mazanamazana adalowa m'nyumba ija ya Applied Electronics Laboratory nakhalamo masiku 9 osatuluka. Zitatero, yunivesite idaletsa kafukufuku wachinsinsi pa sukulupo. Nyumba imene a Terman adainyadira idatsekedwa iwo akuona.

Chigwa nachonso chidalipira. Mitengo ya zipatso idazulidwa kuti pamangidwe mafakitale, misewu ndi nyumba. M'chaka cha 1981 kudadziwika kuti mankhwala otsukira matchipi adadontha m'thanki ya pansi pa nthaka pa fakitale ya Fairchild ku San Jose n'kulowa m'zitsime za madzi akumwa. Atafufuza adapeza kuti vutoli lili pa mafakitale enanso, ndipo boma lidalemba malo oposa 20 a m'dera la Santa Clara pa mndandanda wa malo oipitsidwa kwambiri m'dzikolo. Mtengo wa nyumba udakwera mpaka aphunzitsi a sukulu za ana, anamwino ndi ogwira ntchito zamanja ambiri adayamba kukhala kutali, n'kumayenda maola kupita ku ntchito. Chuma chidabwera chambiri, koma sichidagwere m'mbale ya aliyense mofanana.

Mbewu imodzi, nthaka zosiyana

Atapuma, madera ena adawaitana a Terman kuti akawapangire chigwa chawochawo. Ku New Jersey kudali makampani aakulu ndi akatswiri ochuluka kuposa ku California. Koma kampani iliyonse idazolowera kudzichitira zonse yokha mkati mwa mpanda wake, ndipo sukulu imene a Terman adalangiza kuti amange pamodzi siidamangidwe. Ku Dallas, m'chigawo cha Texas, adayesanso, koma zotsatira zidali zochepa.

Kumene malangizo awo adabala zipatso ndi ku South Korea, dziko limene nthawi imeneyo lidali losauka ndipo ana ake ophunzira ankathera ku Amereka. M'chaka cha 1970 a Terman adatsogolera gulu limene lidalemba lipoti lolangiza kuti kukhale sukulu yapamwamba ya sayansi ndi uinjiniya yotumikira mafakitale a dzikolo. Sukuluyo idakhazikitsidwa m'chaka cha 1971, ndipo lero imatchedwa KAIST. Kumeneko mafuwa onse atatu adalipo. Boma lidaikapo ndalama ndi mtima, sukulu idaphunzitsa zimene mafakitale ankafuna, ndipo makampani monga Samsung adali okonzeka kulemba omaliza maphunziro.

Mayi Sibyl adamwalira m'chaka cha 1975. A Terman adalandira mendulo ya dziko ya sayansi ya chaka chomwecho, ndipo m'chaka cha 1977 nyumba yatsopano ya uinjiniya pa Stanford idatchedwa dzina lawo, a Hewlett ndi a Packard atathandiza ndi ndalama zomangira. Adamwalira pa 19 Disembala 1982 ali ndi zaka 82, pa malo omwewo pamene adakulira.

Atsogoleri a maiko ambiri amapita ku California kukaona chinsinsi cha chigwachi, ndipo ena akabwerera kwawo amapatula malo, kumanga mpanda ndi kukhoma chikwangwani, n'kumadikira kuti makampani abwere. Mbiri ya a Terman ikutiuza kuti mpanda ndiwo udabwera pomalizira. Poyamba padali mphunzitsi amene adakhala pa sukulu imodzi zaka 40, wodziwa wophunzira aliyense ndi luso lake. Padali wogula wa thumba lalikulu amene adalolera kulipira chinthu chisadakhwime. Padalinso ufulu woti mnyamata atenge nzeru ya m'kalasi n'kukayamba nayo bizinesi pafupi ndi kwawo. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Wogula wa a Terman adali msilikali, chifukwa ndiye adali ndi ndalama m'nthawi yawo, ndipo mtengo wa zimenezo tauona. Wofuna kutengera nzeru yawo ayambe wadzifunsa kuti wogula wake woyamba adzakhala ndani, ndipo adzafuna chiyani.

Galaja ija ya pa msewu wa Addison ikadalipo, ndipo boma la California lidaiika m'gulu la malo osungidwa a mbiri. Ku Sunnyvale, mzinda umene Lockheed idapangira mizinga, akuluakulu adasunga munda wa maapurikoti wa mahekitala anayi, kuti ana a mainjiniya aziona mmene chigwa chawo chidaliri kale.